Maikulosikopu yomwe ndinagula ku Lilongwe, patatha miyezi isanu ndi iwiri ikugwira ntchito ku Nkhotakota

Ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina yoyendera kuno ku Nkhotakota. Kwa zaka zambiri, ndikafika pa mutu wa mabakiteriya, ndinkajambula pabolodi kanthu kooneka ngati njere ya mpunga, n'kukadula pakati ndi choko, n'kuwauza ana kuti umu ndi mmene tizilomboti timachulukirana. Ankalemba, mayeso n'kukhoza. Tsiku lina mtsikana wa Fomu 3 anaimika mkono n'kufunsa kuti, "Madamu, kodi chimakadula pakatipo n'chiyani? Kali ndi mpeni?" Anzake anaseka, koma ine funsolo linandikhala pamtima. Mwana amene wafunsa chotero ayenera kuona kanthuko ndi maso ake, ndipo maikulosikopu ya pasukulu pathu inali itachita nkhungu m'magalasi kalekale.

Ndiye ndinagula yanga. Ndalama zake zinali pafupifupi malipiro a mwezi umodzi ndi theka, zina ndinakongola ku banki m'khonde. Ndinaipeza mu shopu ina yogulitsa zipangizo za m'malabotale ku Lilongwe, ndipo ulendo wonse wobwerera, kudzera ku Salima mpaka kukwera msewu wa M5, ndinaifungatira pamiyendo mu minibasi. Kondakitala ankafuna kuiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a chimanga, ndinakana. Ndikulemba izi kuti mphunzitsi mnzanga, kapena kholo limene likuganiza zogulira mwana wokonda sayansi, adziwiretu chimene ndalama yake imuonetse ndi chimene sidzamuonetsa.

Ndi ya diso limodzi, thunthu lake ndi lachitsulo, yolemera bwino moti siyendayenda patebulo. Ili ndi malenzi anayi apansi, a 4x, 10x, 40x ndi 100x, ndi awiri oika kudiso, a 10x ndi 20x. Nyali yake ndi ya LED yokhala ndi batire yotchaja, ndipo ichi ndicho chinandikopa kwambiri chifukwa m'kalasi mwathu mulibe soketi. Ndikaitchaja usiku kunyumba imandipirira pafupifupi maola atatu, okwanira makalasi awiri. Mukatoni munali masilaidi ochepa (timagalasi toikapo chinthu chimene ukufuna kuona), timagalasi tovundikira, ndi kabotolo ka mafuta oika pa lenzi ya 100x.

Pakatonipo panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti 2000x, ndipo wogulitsa ankabwereza nambala imeneyi ngati ndiyo nkhani yonse. Musalipire ndalama yoonjezera chifukwa cha nambala imeneyi. Imachokera pochulukitsa 100 ndi 20 basi. Chithunzi chimakuladi, koma palibe chatsopano chimene chimaoneka, chimangofanana ndi chithunzi cha pafoni chimene mwachikoka ndi zala mpaka nkhope ya munthu yasanduka phala. Vuto lake si la kampani iyi kapena ija, ndi la kuwala kwenikweniko. Mu 1873 Ernst Abbe, amene ankagwira ntchito ndi Carl Zeiss mumzinda wa Jena ku Germany, anaonetsa kuti maikulosikopu yogwiritsa ntchito kuwala singasiyanitse zinthu ziwiri zoyandikana kuposa pafupifupi theka la kutalika kwa funde la kuwalako. Malirewo ali cha pa maikulomita 0.2. Maikulomita imodzi ndi milimita yogawidwa magawo 1,000. Bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa E. coli ndi wotalika pafupifupi mamaikulomita awiri, choncho amaoneka, koma zam'kati mwake sizioneka. Lenzi ya 20x ija ndinaikulunga m'pepala, ili m'katoni mpaka lero. Ntchito yonse ndimagwira pa 400x ndi 1000x.

Tizilombo toonetsa ana sindinakatenge kutali. Kuno timadya kondowole, ndipo pafupifupi pakhomo lililonse pali chidebe kapena mtsuko woviikamo chinangwa. Madzi a tsiku lachitatu, aja ayamba thovu ndi kafungo kowawasa, ndi odzaza mabakiteriya amene amafewetsa chinangwacho. Ndimatenga kadontho, kukapaka mopyapyala pa silaidi, kusiya kaume, kenako kudutsitsa silaidiyo pamwamba pa lawi la kandulo katatu kuti tizilombo timatirire pagalasi. Utoto wopaka sunali m'katoni, ndipo izi zinandivuta masabata awiri mpaka mnzanga wogwira ntchito mu labotale ya chipatala anandikumbutsa kuti GV, mankhwala a pepo aja timapaka pazilonda, ndi utoto womwewo wotchedwa crystal violet umene umayambirira kupakidwa m'njira imene Hans Christian Gram anatulukira mu 1884. Kabotolo kamodzi ka ku famase, kosungunula ndi madzi oyera, kandikwanira mpaka pano. Mphindi imodzi pa silaidi, kutsukuluza pang'onopang'ono, kuumitsa, kadontho ka mafuta, n'kutsitsa lenzi ya 100x mpaka ikhudze mafutawo.

Tsiku loyamba ana anaima pamzere mpaka panja. Choyamba kuoneka ndi timibulu ta ufa wa chinangwa, timene pa 1000x timaoneka ngati miyala ya m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Pakati pa miyalayo pali timitengo ta pepo tambirimbiri, tina tokhatokha, tina tiwiritiwiri, tina tolumikizana ngati mikanda. Mnyamata wina wa kumbuyo, amene nthawi zambiri salankhula m'kalasi, anakhalitsa padiso la makinawo mpaka anzake anayamba kung'ung'udza. Kenako anati, "Madamu, kamodzi aka kaning'a pakati ngati mavu." Ndinayang'ana, ndipo kanalidi kotero: kamtengo kotalikirapo kuposa tinzake, kokhala ndi chiuno pakati penipeni. Kanagwidwa ndi moto wa kandulo kali pakati pogawika. Pa chinthu chimodzi ichi chokha, ndalama yanga inabwerera.

Tinayesanso yogati wa m'sitolo, mmene mumaoneka bwino mitundu iwiri, timitengo titalititali ndi timipira tolumikizana mumzere. Tinayesa thobwa logona, mmene muli yisiti wamkulu kuposa mabakiteriya amene amachulukana mophukira kamwana pambali, osati modzidula pakati. Tinapalanso mano ndi kamtengo, monga anachitira Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft, amene mu 1683 analemba za tizilombo timene anatipeza m'zoyera za m'mano ake.

Mabakiteriya amoyo, osapaka utoto, amaoneka movutikira. Muyenera kuchepetsa kuwala ndi kachitseko ka pansi pa tebulo la makinawo, apo ayi mungoona mbee. Kutentha kwa kuno kumaumitsa dontho msanga, ndiye ndimazunguliza vasilini m'mbali mwa kagalasi kovundikira. Ana akaona tinthu tonse tikunjenjemera amati tonse tili moyo, koma kunjenjemera kwa pamalo amodzi kumachitika chifukwa timagundidwa mbali zonse ndi mamolekyu a madzi. Kunjenjemera kotereku Robert Brown anakuona mu 1827. Kamoyo kosambira kamaoneka pakuti kamachoka apa n'kukafika apo. Kuona kamodzi kakugawika kuyambira poyamba mpaka pomaliza sindinakwanitse, ngakhale ndinakhalapo Loweruka lina masana onse. Pamafunika maikulosikopu ya mtundu wa phase contrast, yoonetsa bwino tizilombo tamoyo tosapaka utoto, ndi kamalo kogwira tizilombo kuti tisasunthe. Amene akugula ndi chiyembekezo choonera zimenezi ngati kanema akhumudwa.

Tsono funso la mtsikana uja, la mpeni. Chiuno tachiona, koma womanga lambayo makinawa sangamuonetse. Ndi puloteni yotchedwa FtsZ. Mu 1991 Erfei Bi ndi Joe Lutkenhaus a ku Kansas ku America, pogwiritsa ntchito maikulosikopu ya ma electron, anaonetsa kuti puloteniyi imasonkhana n'kupanga mkombero pakati pa selo, chakum'kati kwa khungu lake, pamalo pomwe selolo lidzadukire. Timaulusi take n'topyapyala mananomita ochepa chabe (nanomita imodzi ndi maikulomita yogawidwa magawo 1,000), pamene malire a makina anga ndi mananomita 200. Kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti mkomberowu umangofinya ngati chingwe chomangira thumba. Kafukufuku amene anatuluka mu 2017 anaonetsa kuti timaulusito timayenda mozungulira chiunocho, kutsogolo tikumera, kumbuyo tikuyoyoka, ndipo timalondolera ma enzyme, mapuloteni ogwira ntchito m'selo, omanga khoma la selolo. Ndiye kuti mpeni palibe. Pali amisiri amene akumanga chipupa chatsopano kuchokera m'mbali kulowera pakati, mzere ndi mzere, mpaka chipinda chimodzi chasanduka ziwiri. Ntchitoyi ndi yolimba chifukwa m'kati mwa bakiteriya muli mphamvu yokankhira kunja ngati mpweya wa m'tayala la njinga, ndipo khoma likangofooka pamalo amodzi selo limaphulika. Penicillin ndi amoxicillin amapha mabakiteriya potsekereza ma enzyme omanga khoma amenewa.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi mmene kanthu kopanda maso kamapezera pakati pake. Mwa E. coli muli mapuloteni otchedwa Min amene amathamanga kuchoka kunsonga ina kupita kunsonga inzake n'kubwereranso, ulendo umodzi wosakwana mphindi, ndipo kumene ali amaletsa FtsZ kusonkhana. Popeza nthawi yambiri amathera kunsonga, malo okhawo amene mkombero ungakhazikike ndi pakati. Palinso chitetezo china choletsa mkomberowo kumangidwa pamwamba pa DNA imene isanapatukane. Ndinawaonetsa ana pabwalo: awiri othamangitsa anzawo, nthawi iyi ali kugolo iyi, nthawi ina kugolo inayo, ndipo othawawo anapezeka aunjikana okha pakati pa bwalo.

Koma selo lisanadzidule liyenera kukopera DNA yake yonse, kuti aliyense mwa ana awiriwo atenge yake. Apa maikulosikopu yanga ilibiretu chonena, chifukwa ulusi wa DNA ndi wonenepa mananomita awiri okha. Chimene chinandithandiza ndi chingwe cha khonje cha amalume anga, amene akhala akupha nsomba ku Chia moyo wawo wonse.

DNA ya E. coli ndi mkombero umodzi wa nsambo ziwiri zopotana, wokhala ndi zilembo za malangizo pafupifupi 4.6 miliyoni, ndipo itatambasulidwa ingatalike pafupifupi milimita imodzi ndi theka, m'kanthu ka mamaikulomita awiri. Nditawerengera ndinapeza kuti bakiteriyayo atakula kufika pa bwato la mamita asanu, DNA yake ingakhale chingwe chonenepa mamilimita asanu, chotalika pafupifupi makilomita anayi, chonsecho chili m'bwatomo. Nditawauza amalume anapukusa mutu. "Mwanawe, chingwe chotero ukachiponya m'bwato osachikulunga bwino, mawa sumapita panyanja, umakhalira kumasula." Ndinawayankha kuti, "Amalume, ndiye kachilomboka kamayenera kuchimasula chonse, nsambo ziwiri kuzilekanitsa, chili m'bwato momwemo." Anandipatsa chingwe cha nsambo ziwiri chimene anapota okha, nati ndikayese ndione.

Tinachimanga kumtengo wa mango kuseri kwa kalasi. Ndinadula kamphete ka nsungwi, n'kulowetsamo nsambo imodzi, inayo n'kuisiya kunja, ndipo mwana mmodzi ankakankha kampheteko kulowera kumtengo. Umu ndi mmene imagwirira ntchito enzyme yotchedwa helicase, imene mwa E. coli dzina lake ndi DnaB. Ndi mphete ya zigawo zisanu ndi chimodzi yovala nsambo imodzi ya DNA, imadya mphamvu ya ATP, yomwe ili ngati mafuta a selo, n'kumakankhira kutsogolo, nsambo ziwirizo n'kumalekana kuti zikoperedwe. Kukopera kumayambira pamalo amodzi pamkomberowo n'kupita mbali ziwiri, mbali iliyonse zilembo pafupifupi 1,000 pa sekondi. Popeza DNA imapotana kamodzi pa zilembo khumi ndi theka zilizonse, kutsogolo kwa mpheteyo kukubwera mapotedwe pafupifupi 100 pa sekondi, ndiye kuti 6,000 pa mphindi. Ndi liwiro la injini ya njinga yamoto ya kabaza ikakhala pamsewu wabwino.

Mwana uja sanapite patali. Atakankha mwina mikono iwiri, chingwe cha kutsogolo chinauma gwaa, kenako chinayamba kudzipinda chokha n'kupanga timfundo topiringizika, ndipo kamphete kanakana kusuntha. Ana onse anaona vutolo popanda ine kulankhula. Ndinawafunsa chochita. Wina anati timasule kumtengo kuti chingwe chizizungulira, koma ndinamukumbutsa kuti DNA ya bakiteriya ndi mkombero, ilibe nsonga yomasula. Panapita kanthawi, kenako mtsikana yemwe uja wa funso la mpeni anati, "Ndiye tidule, Madamu, tikamaliza tilumikize." Ndizo ndendende zimene zimachitika. Enzyme yotchedwa DNA gyrase, imene Martin Gellert ndi anzake anaitulukira mu 1976, imagwira DNA kutsogoloko, kudula nsambo zonse ziwiri, kudutsitsa gawo lina la ulusi pampatawo, n'kulumikizanso bwinobwino osataya chilembo ngakhale chimodzi. Pomaliza kukopera, mikombero iwiri yatsopanoyo imakhala yokolana ngati mphete za unyolo, ndipo enzyme ina ya mtundu womwewo, topoisomerase IV, ndiyo imailekanitsa. Mpeni uja unalipodi, kungoti uli pa DNA, osati pachiuno.

Pali kanthu kena kamene ana ochenjera amakagwira okha. Kukopera DNA yonse kumatenga pafupifupi mphindi 40, koma E. coli akapeza chakudya chokwanira ndi kutentha koyenera amagawika mphindi 20 zilizonse. Zitheka bwanji? Stephen Cooper ndi Charles Helmstetter anafotokoza mu 1968 kuti selo limayamba kukopera kwatsopano kwakale kusanathe, monga mayi amene amaviika chinangwa china pamene chija cha dzana chidakali pathandala. Pa liwiro limeneli, kamodzi kokha pa 7:30 m'mawa kangakhale topitirira 2 miliyoni pofika 2:30 masana, nthawi yoweruka. Si onse othamanga chotero. Kachilombo ka TB kamatenga maola 15 mpaka 20 kuti kagawike kamodzi, n'chifukwa chake kukameretsa mu labotale kumatenga masabata.

Nkhani ya gyrase ndimaikhalitsa m'kalasi chifukwa imakhudza mankhwala amene ana amawadziwa. Ciprofloxacin, amene ambiri timangoti cipro, amagwira gyrase ndi topoisomerase IV pa nthawi imene zadula DNA koma zisanalumikize, ndiye DNA imatsala yoduka. Bakiteriya ngati E. coli akamva kuti DNA yake yaonongeka amatulutsa puloteni yoletsa FtsZ kumanga mkombero, ndipo amangotalika osagawika mpaka kuoneka ngati ulusi. Koma kusintha kwa chilembo chimodzi chokha m'malangizo opangira gyrase kungachititse kuti mankhwalawo asagwirenso bwino, ndipo kamene kapulumuka kamachulukana pa liwiro tawerenga lija. Ndikafika apa ndimafunsa kuti ndani kwawo anagulapo makapisozi awiri atatu pamsika chifukwa cha m'mimba, osapita kuchipatala. Mikono imakwera yambiri, ndipo zimandiwawa, chifukwa ndi mankhwala omwewa amene timadalira munthu akadwala taifodi.

Pa chifukwa chomwechi sindilola mwana kubweretsa madzi a m'chimbudzi, mafinya kapena madzi a pamalo okayikitsa, ngakhale amapempha. Tonse kuno tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anavutika kwambiri. Kalasi si labotale ya chipatala. Timagwiritsa ntchito zakudya ndi zopala m'mano mwathu zokha, masilaidi ogwiritsidwa ntchito amagona m'madzi a klorini, ndipo aliyense amasamba m'manja ndi sopo asanatuluke.

Zofooka za makinawa zilipo. Kachitsulo kosinthira pang'onopang'ono kuti chithunzi chioneke bwino kali ndi kampata, umapotoza kaye pang'ono chisanayambe kusuntha, ndipo pa 1000x zimenezi zimatopetsa. Silaidi imagwidwa ndi timapanira tiwiri, ilibe chosunthira cha zomangira, ndiye kukankha ndi chala pang'ono pokha kumathawitsa chimene umayang'ana. Ndikanadziwa ndikanaonjezera ndalama pa chimenechi. M'mbali mwa chithunzi mumaoneka mwachimbuuzi, pakati pokha ndi pomwe pali bwino. Kabotolo ka mafuta kanafika katadontha theka, ndipo nditaimbira foni kushopu anandiuza kuti ndipite nako ku Lilongwe, ulendo woposa mtengo wa mafutawo. Musayese kuika mafuta ophikira m'malo mwake. Kabuku ka malangizo ndi kapepala kamodzi ka Chingerezi kosanena n'komwe kuti lenzi ya 40x siyenera kukhudza mafuta. Mwana wina anaidutsitsa padontho la mafuta, ndipo ndinatha madzulo onse ndikuipukuta ndi pepala lofewa la malenzi.

Mdani wamkulu kuno kunyanja ndi chinyontho. Nkhungu ikamera m'kati mwa lenzi imadya galasi, ndipo ndi imene inapha maikulosikopu ya pasukulu. Yanga ndimaisunga m'chidebe cha pulasitiki chotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho tija timapezeka m'makatoni a nsapato ndi a mankhwala, timene ndimatiyanika padzuwa Lamlungu lililonse. Yadutsa dzinja limodzi, magalasi akadali oyera.

Foni imajambula bwino ndithu mukaigwira modekha padiso la makinawo, ndipo zimenezi zimafupikitsa mzere wa ana makumi asanu ndi limodzi. Komabe ndimaonetsetsa kuti aliyense waikapo diso lake kamodzi, chifukwa chithunzi cha pafoni amachitenga ngati zina zonse za pa WhatsApp, pamene chimene wachipeza yekha popotoza kachitsulo amachikumbukira.

Kwa mphunzitsi wa sekondale, ndikuti gulani, makamaka ngati mungasonkherane awiri kapena atatu a masukulu oyandikana. Kwa kholo la mwana wa pulayimale, ya 400x yopanda mafuta ndi yokwanira, ndipo adzasangalala ndi khungu la anyezi ndi tizilombo ta m'madzi a m'dambo. Mukapita kushopu nyamulani silaidi yanu, muumirire kuti aiyatse muone nokha pa lenzi iliyonse. Yang'anani kuti pa lenzi ya 100x palembedwa 1.25 ndi mawu akuti oil, kuti pansi pa tebulo la makinawo pali condenser (lenzi yosonkhanitsa kuwala) ndi kachitseko kochepetsera kuwala, ndiponso kuti batire ingasinthidwe ikatha. Mafuta gulani mabotolo awiri nthawi yomweyo. Chingwe cha khonje chokha musagule ku Lilongwe. Amalume andilonjeza china chotalikirapo cha teremu ikubwerayi, ndipo akuti achilumikiza nsonga zake kuti chikhale mkombero weniweni, ana asadzanenenso zomasula kumtengo.